Mtanda Umene Unachepa pa Mapiko a Ndege za ku Tete

Frelimo itayambitsanso nkhondo m'chigawo cha Tete mu Marichi 1968, anthu a ku Mualadzi ndi madera ena a Chifunde, kufupi ndi malire a Zambia, anazolowera kukweza maso kumwamba. Ndege za Apwitikizi monga T-6, Fiat G.91 ndi helikopita za Alouette III zinkanyamuka pa bwalo la Chingodzi, mumzinda wa Tete, zili ndi chizindikiro chimodzi: mtanda wofiira wotambasuka kunsonga, wokhala ndi kamtanda koyera mkati, pa bwalo loyera. Apwitikizi amautcha Cruz de Cristo.

Mtandawu suoneka wovuta, koma umayesa mmisiri. Thupi la ndege n'lokhota, lodzaza ndi timisomali ndi mizere yolumikizira malata, ndipo mzere wowongoka pa pepala umapindika ukafika pa chitsulo. Choncho wojambula ankayamba ndi kutsuka mafuta, kuyeza pakati, kumata tepi kapena pepala loboola, kenako n'kupopera penti: yoyera poyamba, ikauma yofiira. Akasuntha dzanja pang'ono, mkono umodzi wa mtanda unkanenepa kuposa unzake. Mafakitale ena a ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankasindikiziratu zizindikiro pa pepala la guluu. Ankalinyika m'madzi, kutsetserezera chithunzicho pa ndege, kufinya mpweya wotsalira, n'kupaka vanishi. Njirayi inali yachangu ndipo zizindikiro zinkafanana, koma dzuwa ndi mphepo zinkazisenda m'mphepete.

Kwa ine, chizindikiro cha ndege chimayesedwa ndi funso limodzi: chikuoneka motani uli kutali? Ndipo pamenepa mbiri ya mtandawu ili ndi phunziro. Mu 1973 mizinga ya Strela, yotsata kutentha, inayamba kugwetsa ndege za Apwitikizi ku Guinea-Bissau. Zitatero, ma Fiat anayamba kupakidwa penti yobiriwira yosanyezimira, mtanda uja n'kuchepetsedwa kwambiri. Mmisiri amene kale ankalamulidwa kuonetsa mphamvu tsopano anauzidwa kubisa. Kuchepa kwa bwalo loyeralo kunanena zoona za nkhondoyo pangano la ku Lusaka la pa 7 Seputembala 1974, lothetsa nkhondo ya ku Mozambique, lisanasainidwe.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi okonza ndege zakale amene amamata sitika zapulasitiki zonyezimira, zodulidwa ndi kompyuta, osafufuza chaka chimene ndegeyo ikuimira. Fiat ya 1971 ndi ya 1974 sizinavale mofanana, ndipo kusiyanako ndiko umboni. Ndege yosungidwa, kaya ku Museu do Ar ku Sintra kapena kwina kulikonse, iyenera kuvala penti, muyeso ndi manambala a nthawi yake. Kwa mabanja amene ankathawira m'tchire ikamadutsa, ndege imeneyi si chokongoletsa. Woikonza aijambule monga mmene iwo anaionera, kuti adzukulu awo akaimirira pafupi nayo aone chimene chinathamangitsa agogo awo.