Nkhokwe ya Makalata ku Zomba

Abale, tinene pang'ono za nkhokwe ina yosasungamo cimanga, koma makalata a dziko lathu. Iri ku Zomba, ndipo inatsegulidwa m'caka ca 1947 monga nthambi ya nyumba yaikuru ya ku Salisbury. Inacedwa kudza, pakuti moto wa 1919 unali utapsereza kale ofesi ya Boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ambiri a zaka zoyamba. Cifukwa cace ancito amene acinjiriza zotsalazo ku ciswe ndi cinyontho tiwayamika ndithu.

Koma cotidandaulitsa ndi ici. Likulu linasamukira kuno ku Lilongwe mu 1975, makalata akale natsala ku Zomba. Mkristu wa ku Area 25 wofuna kudziwa za malire a mudzi wa makolo ace, kapena mbiri ya misyoni ya ku Dzenza, ayenera kulipira basi ndi pogona asanadziwe konse ngati cimene afunaco ciripo. Ndipo ambiri a ife, ngakhale aphunzitsi amene, sitinamve kuti munthu wamba aloledwa kukawerengako! Lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha nkhani ku Boma linayamba kugwira ncito mu 2020. Nanga lidzathandiza bwanji munthu wosadziwa khomo logogodapo? Tipempha kuti mndandanda wa zosungidwazo ulembedwe m'Cicewa, numveke pa wailesi, nufikenso m'mafoni a anthu.

Nafenso tiri ndi mlandu. Akulu a mpingo atsegule bokosi la mabuku a ubatizo Sabata lino, aone masamba amene ciswe catisiyira.