Rapu: Mlendo Kapena Mwana Wapakhomo?

Tsiku lina la msika ku Mitundu ndidapeza khamu la anthu litazinga mnyamata wina wovala buluku lolendewera ndi kapusi yoloza kumbuyo. Ankalankhula mothamanga, mawu ake akugwera pa mlingo wa ng'oma yotuluka m'chimkuzamawu. Nditayang'anitsitsa ndidamuzindikira: adali mwana amene ndidamuphunzitsa ku Nathenje, wamanyazi kotero kuti ankachita chibwibwi polakatula ndakatulo m'kalasi. Ndidafuna kuchoka monyansidwa, koma adayamba kutchula za fetereza wosagulika ndi za mavenda ogula mtedza pa sikelo zobera. Ndidaona amayi achikulire akugwedeza mitu movomereza. Pamenepo ndidaima.

Mayimbidwe amenewa, otchedwa rapu kapena hip-hop, adayambira ku Bronx mumzinda wa New York cha m'ma 1973, pakati pa achinyamata akuda osauka. Kwathu kuno adafala makamaka chitadutsa chaka cha 1994, pamene nyumba zoulutsira mawu zidachuluka. Aphunzitsi ambiri a msinkhu wanga tidawaweruza msanga kuti ndi chisokonezo chachilendo. Lero ndikuvomera kuti tidaweruza zovala, mawu osawamva.

Kudzudzula mwa nyimbo si kwachilendo kwa Achewa. Amayi athu pamtondo ankaimba madandaulo awo, munsi ukusunga mlingo, ndipo mwamuna waulesi kapena mpongozi wovuta ankamva yekha nkhani yake popanda womutchula dzina. Woimba rapu wabwino akuchita zomwezo. Mtondo wake ndi makina.

Komabe si rapu iliyonse yoyenera kuyamikidwa. Ambiri amangotsanzira Amereka: amadzitama ndi magalimoto amene alibe, amanyoza akazi, ndipo amasakaniza Chingerezi ndi Chichewa mpaka ganizo kutayika. Kugwirizana kwa mathero a mizere pakokha si luso. Luso ndi kubisa mkuluwiko m'mawu wamba, monga ankachitira amayi aja.

Limbani Kalilani, wodziwika kuti Tay Grin, adasonyeza njira ina. Nyimbo yake ya Chipapapa, imene adaimba ndi 2Baba wa ku Nigeria, idachokera ku masewera a ana athu, ndipo idamveka kutali. Apo adachita bwino. Koma pamene amakwera pansanja ndi zilombo za Gule Wamkulu, mtima wanga umagawikana. N'zoona kuti bungwe la UNESCO lidalemekeza gule ameneyu mu 2005, ndipo kumuonetsa kunja n'konyaditsa. Koma ife a kuno tikudziwa kuti chilombo chimatuluka kudambwe pa chifukwa: maliro, chinamwali kapena kulonga ufumu. Chikasanduka chokometsera dansi, chatsala ndi chigoba chabe.

Mnyamata uja adandilonjera pambuyo pake, kapusi ili m'manja. "Aphunzitsi, ndidagulitsa thumba la soya kuti ndijambulitse nyimbo imeneyi," adatero, "koma anthu amangoikopera m'mafoni, ine osaona ngakhale tambala." Ndidamuyankha kuti, "Mwana wanga, khasu usalitaye, koma cholembera nachonso usachitaye."

Inu ophunzira amene mumakonda nyimbozi, ziyeseni ndi muyeso umene mumayesera ndakatulo. Zimitsani ng'oma, mulembe mawuwo papepala, muwawerenge pamaso pa agogo anu. Akamveka ndi kuluma popanda kutukwana, ameneyo ndi mlakatuli. Akafota, lidali phokoso chabe.