Kudzudzula si Kuzunza

Acinyamata anzanga a ku Chamboli, foni ili m'thumba mwanuyo ikhoza kukugonetsani m'ndende. Mu Marichi 2020 apolisi anagwira mnyamata wa zaka 15 ku Kapiri Mposhi pomuganizira kuti ananyoza Pulezidenti Edgar Lungu pa Facebook. Lamulo loletsa kunyoza pulezidenti linacotsedwa mu Disembala 2022, koma Cyber Crimes Act ya 2025 imati kuzunza munthu pa intaneti ndi mlandu.

Muli cabwino m'lamuloli. Mtsikana amene wina amamtumizira mauthenga oopseza usana ndi usiku afunika citetezo ca apolisi, pakuti mauwo alinga kumcititsa mantha. Koma mukalemba kuti khansala wanu walephera kukonza mseu, mau anu, ngakhale awawe, alinga pa nchito yake. Apolisi akasakaniza ziwirizi, oyamba kutseka pakamwa adzakhala osauka amene alibe ndalama za loya. Kumbukirani kuti mneneri Natani anadzudzula Mfumu Davide pamaso, ndipo sanamangidwe.

Mwano ndi chimo, ndipo oweruza ake ndi makolo ndi akulu a mpingo. Ciopsezo ndiwo mlandu wa ku polisi. Musanatumize uthenga, dzifunseni ngati mauwo mungawanene pamaso pa munthuyo potuluka m'chalichi Lamulungu.