Otukwana ndi Ziwiya za pa Guwa

Kalipentala wa ku Montréal, mzinda wa ku Québec kumene amalankhula Chifalansa, akadzimenya chala ndi hamala, satchula maliseche a munthu kapena mayi wa wina. Amalowa m'tchalitchi ndi pakamwa: tabarnak!

Mawuwa ndi tabernakulo, kabokosi kosungiramo Ukaristia, koma anasulidwa mwaluso. Ku Paris amati tabernacle, ndipo lilime limatsetsereka mofewa kumapeto. Wa ku Québec anachotsa "e" wapakati n'kuikapo "a" kuti kamwa litseguke lonse, kenako anadula mchira n'kusiya "k" wouma. Ta-bar-nak: kugunda katatu, kotsirizako ngati chitseko chomenyetsedwa ndi munthu wokwiya. Anzake anachokeranso pa guwa lomwelo. Câlice ndi chikho cha vinyo wa pa Misa, ostie ndi mkate wopatulika, ciboire ndi chotengera chake chovundikira, crisse ndi Khristu. Eni ake amawatcha ma sacres.

Liwu limodzi aliyense angalilavule. Katswiri amaonekera polumikiza. Pali kamawu kakang'ono, de, kamene kamagwira ntchito ya ulusi wotungira mikanda: ostie de câlice de tabarnak. Amayamba ndi lopepuka, lakuthwa ngati mluzu, n'kukoka "â" wa câlice pamene mkwiyo ukukwera, ndipo lolemera amalisungira kumapeto monga amachitira woimba ng'oma wodziwa pothera gule. Ukasokoneza ndondomekoyi palibe lamulo laswedwa, koma khutu limamva kuti wakhumudwa.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi momwe anawawetera mawuwa mpaka kuyamba kugwira ntchito zapakhomo. Dzina la Khristu linasanduka mneni: crisser ndi kuponya chinthu mwaukali, crisser son camp ndi kuchoka osatsanzika. Câlice nayenso anasanduka mneni: je m'en câlisse, ndiye kuti zimenezo ndilibe nazo ntchito. Munthu akakhala en tabarnak wapsa mtima, koma chakudya chikakhala bon en tabarnak, wophika wayamikiridwa kuposa pamenepo palibe. Pakakhala agogo kapena ana, amapinda mawu pakati pa njira: tabarouette, tabarnouche, câline. Ndi nzeru yomwe Afalansa akale anachita posinthanitsa Dieu, Mulungu, ndi bleu, mtundu wa thambo, n'kupeza sacrebleu.

Ku France lero zotukwana zatsiku ndi tsiku zili kwina: merde ndi manyi, putain ndi hule, bordel ndi nyumba ya mahule, ndipo nawonso amazilumikiza ndi de yemweyo. Ku Québec kunasiyana chifukwa Mpingo wa Katolika unkayendetsa sukulu ndi zipatala mpaka zaka za m'ma 1960, pamene kusintha kwakukulu kotchedwa Révolution tranquille kunapereka ntchitozi ku boma. Unduna wa zamaphunziro unakhazikitsidwa mu 1964. Munthu amene moyo wake wonse unali m'manja mwa wansembe, mawu oopsa oti alavule akanawapeza kuti, ngati si pa guwa?

Matchalitchi anaphwa anthu, mawu anatsala. Mu 2006 Arkidayosizi ya Montréal inakhoma zikwangwani mumzinda zolembedwa tabernacle, ciboire ndi hostie m'zilembo zikuluzikulu, pansi pake tanthauzo lenileni la liwu lililonse, kuti odutsa m'njira akumbuke chimene akhala akutchula.