Chilombo kapena mnyamata? Mawu amene akuvula gule ku Lilongwe

Mwezi wathawu ndinakaonera magule pa chikondwerero china cha zaluso mumzinda wa Lilongwe. Za ng'oma ndilibe nazo mawu: mbalule inalira bwino, amayi anayimba mokoma, ndipo Chadzunda analowa motsimphina monga achitira. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi pakamwa pa MC. Gule akulowa, mkuluyu anakuwa kuti, "Tiwaombere m'manja anyamata athuwa, taonani kosityumu yawoyo!" Mayi wina wachikulire amene ndinayandikana naye anangoti "Ha!" n'kuzolika.

Mayiwo anamva chimene ife ophunzira chiyankhulo tiyenera kuchimva. Pabwalo la kumudzi, chimene chatuluka ku dambwe ndi chilombo, dzina la m'gulu la Chi-Zi. Agwirizanitsi ake amatsatira: chilombo chafika, chikuvina, chakwiya, zilombo zabwerera. Ka "chi-" kameneka kamagwira ntchito yofanana ndi chigoba, chifukwa kamachotsa chovinacho pakati pa anthu n'kuchiika kwa mizimu. MC atangoti "anyamata", anasamutsira zonse m'gulu la Mu-A, lomwe ndi la ine ndi inu. Chigoba chinali chikadali kumaso, koma galamala inali itavula kale.

Wina anganditsutse kuti nanga si timanenanso kuti "Chadzunda walowa" kapena "Maliya akuvina"? Zoona. Komatu pamenepo "wa-" ndi "a-" akuloza Chadzunda ndi Maliya eni akewo. Palibe akunena za mwana wa uje wa ku Area 25.

Mawu ena anasinthanso tsikulo. Bwalo linasanduka siteji, kusupa kunasanduka kulipira pakhomo, ndipo gule yense ankatchedwa "sewero". Mawu akuti sewero amachokera ku mneni "kusewera", ndipo amayenera zisudzo ngati za Kwathu Drama Group, momwe tonse timadziwa kuti Izeki anali John Nyanga ndipo Jakobo anali Eric Mabedi. Kudziwa wosewerayo ndi mbali ya kukoma kwa chisudzo. Gule wamkulu, amene amatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu, amayima pa kusatchula munthu.

Sindikuti gule asabwere m'tauni ayi. Lilongwe yazunguliridwa ndi midzi ya Achewa, ndipo kuyambira 2005 pamene UNESCO inauika gule wamkulu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, alendo ofuna kuuona ndi ambiri. Eni gule nawonso amafuna kangachepe. MC ali ndi ntchito yovuta yofotokozera anthu amene sanaponde pabwalo chibadwire. Koma angathe kufotokoza tanthauzo la Kasiyamaliro kapena Njovu kwa mphindi zisanu zathunthu osatchulapo "wovina" ngakhale kamodzi. Chichewa chinamupatsa kale mawu ake.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ana obadwira ku Kawale ndi ku Chilinde, amene ena mwa iwo gule amayamba kumuonera pa siteji. Akazolowera kumva "anyamata ovala masiki", liwu lakuti chilombo lidzangotsala la fisi, njoka ndi tizilombo ta malungo. Anzanga a kafukufuku, mukapita kokaonera magule, tcherani khutu kwa wogwira maikolofoni ndipo mulembe mayina ndi agwirizanitsi amene akugwiritsa ntchito. Ine ndayamba kale kakope kanga, ndipo tsamba loyamba ladzaza ndi "anyamata".