Nyama Zisanu ndi Ziwiri mu Mtima, Nanga Wolakwiridwa Ali Kuti?

Kuno kumalire ndi ocepa amene sanakaonepo kabuku ka Mtima wa Munthu, kamene pa Cipwitikizi timati O Coração do Homem. Ena anakapeza m'kati mwa Baibulo la agogo awo, ena anakalandira kwa mlaliki pa msika wa ku Lizulu kapena ku Ulónguè, ena anangoona zithunzi zake zazikulu zitapacikidwa pa mtengo tsiku la msonkhano wa citsitsimutso. Ine ndinakaona koyamba ndili mwana, tili othawa nkhondo kutsidya, m'boma la Dedza. Amayi ankakasunga m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi khadi lolandirira ufa. Kuwerenga ndinali ndisanadziwe, koma cithunzi ca munthu wocimwa ali kufa cinandilanda tulo masiku ambiri. Lero zaka zanga zapitirira 40, ndipo ndakawerenganso mofatsa. Ndikufuna ndikuuzeni cimene ndakayamika naco, ndiponso cimene ndaona kuti kanasiya.

Kabukuka ndi kakale kuposa m'mene ambiri timaganizira. Ofalitsa ake amanena kuti kanayambira ku France mu 1732. Mu 1812 Johannes Gossner anakatulutsa m'Cijeremani, ndipo mu 1929 mmishonale J.R. Gschwend anakalembanso kuti kagwire nchito mu Africa. Amene amakasindikiza ndi a All Nations Gospel Publishers a ku Pretoria, ndipo kali m'zinenero mazanamazana. Conco kamene agogo athu ankayesa kabuku ka kwathu konkuno kanayenda ulendo wautali kasanafike m'manja mwawo.

Muli zithunzi khumi. Pa zambiri mwa izo pali nkhope ya munthu, ndipo pansi pa nkhopeyo pali mtima waukulu wotseguka. M'cithunzi coyamba mtimawo wadzaza nyama zisanu ndi ziwiri. Pikoko akuimira kunyada, galu cilakolako ca thupi, nkhumba kuledzera ndi kususuka, kamba ulesi ndi kuzengereza, kambuku mkwiyo, njoka cinyengo, ndipo cule akuimira umbombo pa ndalama. Pakati pawo pali Satana. Nyenyezi ya cikumbumtima yada, nkhunda ya Mzimu Woyera ili kunja. M'zithunzi zotsatira Mawu a Mulungu amalasa mtimawo, nyama zimatuluka, mtanda umalowa, nkhunda imakhazikika. Kenaka njira zimapatukana. Wina amabwerera m'mbuyo, nyama zija n'kulowanso, ndipo amafa imfa yoopsa. Wina amapirira mpaka kulandiridwa kwa Mulungu.

Ndiyambe ndi kuyamika, cifukwa kabukuka kali ndi mphamvu yeniyeni. Kamalalika kwa munthu amene sanapondeko m'kalasi. Amayi anga sankatha kulemba dzina lawo, koma ankakhoza kufotokoza zithunzi khumi zonsezo mwadongosolo kuposa akatekisita ena. Caciwiri, ndipo ici ndico cacikulu, kabukuka kamaloza cala pa cifuwa ca mwini wake. Ife kuno tikaona tsoka timathamangira kufunsa kuti walicita ndani. Mwana akadwala, ndi azakhali. Mbatata ikapsa m'munda, ndi mnansi wanjiru. Banja likatha, wina anathira mankhwala. Nkhalamba zingati zathamangitsidwa m'midzi cifukwa ca maganizo amenewa? Kabukuka kamakana kuyang'ana kuseri kwa nyumba ya mnzako. Kamati tsegula cako cifuwa uone. Apa kakugwirizana ndi ciphunzitso ca Yesu pa Maliko 7, cakuti zodetsa munthu zimacokera m'kati mwake, ndiponso ndi Paulo pa Aroma 3, amene sapatula wina aliyense pa mlandu wa ucimo. Mfumu, m'busa, wogulitsa kacasu ndi ine wa pa wailesi, mtima wake ndi umodzimodzi. Cacitatu, sikanama kuti wotembenuka mtima wathana nazo. Cithunzi ca wobwerera m'mbuyo ndi coona, ndipo aliyense wa ife akudziwa munthu amene anatentha zithumwa zake pa Pasika n'kukagula zina mvula isanagwe.

Tsopano pamene ndikukatsutsa. Poyamba ndi pa nyama zomwezo. Mndandanda wa macimo akuluakulu asanu ndi awiri ndi wakale m'mipingo ya ku Ulaya, ndipo Papa Gregório Magno anaukonza kumapeto kwa zaka za m'ma 500. Nyama zimene anasankha ojambula n'zimene zinkalankhula kwa anthu a kumeneko. Pikoko ambiri a ife tinamuona m'kabuku momwemu basi. Kamba ndiye anandisokoneza kwambiri. M'nthano zimene tinkamva madzulo pa moto, kamba ndi wodekha ndi wanzeru, amene amagonjetsa Kalulu wamacenjera. Mwana amene dzulo lake anaombera m'manja kamba, lero akuuzidwa kuti kamba ndi chimo. Koma ici n'cacing'ono, mlaliki wodziwa nchito yake akhoza kucikonza ndi mawu awiri.

Vuto lenileni n'lakuti nyama ndi cinthu cimene cimalowa ndi kutuluka. Nkhumba ikalowa m'dimba, mwini dimba alibe mlandu, iye ndi wodandaula. Munthu akayang'anitsitsa cithunzi coyamba akhoza kudziona conco, ngati khola limene alendo oipa analowamo iye ali m'tulo. N'cifukwa cake pa bwalo la milandu kwa amfumu timamva kawirikawiri mawu akuti anandinyenga ndi Satana, kapena cinandilowa ciwanda. Sindikana kuti woyesa alipo. Koma amene anakweza dzanja pa mkazi wake si kambuku ayi, ndi mwamuna wa dzina lake ndi mfunda wake. Paulo pa Aroma 7 amalira kuti amacita coipa cimene sacifuna, komabe salekapo kunena kuti ine. Kabuku kamene kanayamba bwino potiuza kuti vuto lili m'kati kamatsegulanso kakhomo kothawira, cifukwa kajambula chimo ngati mlendo pamene chimo ndi mwini nyumba.

Kutsutsa kwanga kwaciwiri ndi kumene kwandicititsa kulemba. Yang'anani zithunzi zonse khumi, mufunefune munthu amene wocimwayo anamulakwira. Simumupeza. Muli mngelo, muli Satana, muli imfa. Anthu ena akaonekera, amakhala oyesa ndi onyoza. Koma mkazi womenyedwa mulibe, mwana wogona ndi njala cifukwa ndalama zathera ku mowa mulibe, mlimi wobedwa pa sikelo mulibe. Munthuyo wacimwa yekha, walapa yekha, wapulumuka yekha. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Nanga chimo la munthu lingajambulidwe bwanji popanda waciwiriyo? M'Baibulo momwemo, Genesis 3 ikangotha ndi kupanduka kwa munthu pamaso pa Mulungu, Genesis 4 ikutionetsa Abele ali gone m'munda, ndipo Mulungu akufunsa Kaini za m'bale wake. Macaputala awiriwa ndi oyandikana, koma kabuku kathu kanajambula loyamba lokha.

Zotsatira zake timaziona. Macimo amene amaoneka pa nkhope, monga kuledzera ndi ciwerewere, ndiwo amene timalalikira mofuula. Woledzera aliyense wa m'mudzi amadziwa kuti nkhumba ija ndi iye. Koma taganizani za wogula cimanga amene anafutukula ndowa yake kuti ilowe zambiri, kapena wosintha makwacha ndi mametikali amene amapinda ndalama imodzi pakati pa zala akaona kuti mayi wabwera sadziwa kuwerengera, kapena amene amasuntha malire a munda wa mkazi wamasiye mzere umodzi caka ciliconse. Anthu otere samwa, sasuta, Lamulungu amavala jekete, ndipo akayang'ana m'kabuku amadziona m'cithunzi ca mtima woyera. Cule wa umbombo alimo ndithu, koma popeza wobedwayo sanajambulidwe, cule uja aliyense amamuona mwa mnzake wolemera kuposa iye.

Sindikunena za ena okha. Acimwene anga atamwalira, ine ndinatenga njinga yawo ndi malata khumi amene anagula kuti afolere nyumba. Ndinati ndi katundu wa kwathu, ndipo abale anandivomereza. Alamu anga anatsala ndi ana atatu m'nyumba yodontha. Nthawi imeneyo ndinali woimba kwaya, mowa sindinkaudziwa, ndipo mukanandionetsa zithunzi khumi zija ndikanaloza ca mtima wokhala nkhunda popanda kukayika. Panapita zaka zitatu. Cimene cinanditsegula maso si cithunzi ca moto ayi. Ndi tsiku lina la mvula pamene ndinapeza mwana wa acimwene akusuntha mphasa kufuna pouma pogona. Ndinabweza malata, njinga inali itatha kale, ndipo manyazi a tsiku limenelo ndikali nawo. Ndinazindikira kuti kwa zaka zitatu ndinkapempha Mulungu cikhululukiro ca macimo osachula dzina, pamene chimo langa linali ndi dzina, linali ndi mudzi, ndipo linkadontha usiku uliwonse.

Ife a ku Mozambique nkhani iyi tiyenera kuimva kuposa ena. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, lamulo linakhululukira milandu ya nkhondo, ndipo tinabwerera kwathu kudzakhala pamodzi, wothawa ndi womuthawitsa, wolira ndi womuliritsa. Ena anasambitsidwa ndi mankhwala a makolo kuti magazi a kunkhondo asalowe nawo m'mudzi, ena anabatizidwa ndi kupereka umboni m'chalichi. Sindinyoza njira zimenezi, zinatithandiza kuti tisaphanenso. Koma zonse ziwiri zinkasambitsa wocita. Panali mabanja amene anamva umboni wa munthu wonena kuti nyama zonse zatuluka mu mtima mwake, iwo ali pa benchi lakumbuyo, akudziwa kumene ng'ombe zawo zinapita, ndipo pakhomo pawo munthuyo sanafikepo mpaka lero. Cipulumutso ca mtundu umenewu cimatonthoza mmodzi ndi kusiya bala mwa wina.

Wina adzati, kodi sukudziwa kuti munthu amapulumuka ndi cisomo, osati ndi nchito zake? Ndikudziwa, ndipo sindikunena kuti malata khumi angagule kumwamba. Ndikunena kuti cisomo cikalowa m'nyumba cimaoneka pa khomo la mnansi. Onani Zakeyu pa Luka 19. Yesu ndiye anayamba kumuitana, iye asanabweze kanthu, ndipo ici ndico cisomo. Koma Zakeyu atalandira Mlendoyo analonjeza kupatsa osauka theka la cuma cake ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda, ndipo pamenepo Yesu ananena za cipulumutso ca nyumba imeneyo. Pa Mateyu 5 wopereka nsembe akuuzidwa kuisiya pa guwa, ayambe wakayanjana ndi m'bale amene ali naye cifukwa. Kunena zoona, kabuku kathu kali ndi thumba la ndalama lotseguka m'cithunzi ca mtima wopambana, kusonyeza kuti cuma ca munthuyo caperekedwa kwa Mulungu. Koma kupereka cakhumi ndi kubweza cimene unalanda ndi zinthu ziwiri. Coyamba cimakupatsa ulemu pamaso pa mpingo, caciwiri cimakucotsera ulemu pamaso pa mudzi, ndipo n'cifukwa cake ambiri timasankha coyamba.

Pa cithunzi ca imfa ya wocimwa ndinenepo mwacidule. Mantha amagwira nchito msanga, koma sakhalitsa. Mwana amene ndinali ine ankaopa moto, sankadana ndi coipa. Woopa moto amafunsa kuti ndingathawe bwanji, pamene wolapa amafunsa kuti ndapweteka ndani. Alaliki amene amathamangira cithunzi cimeneci pa maliro, anthu ali ndi cisoni kale, aganizirepo bwino.

Kodi tsono tikataye? Iyayi. Kabuku kamene kaphunzitsa mibadwo itatu kuti mtima wa munthu ufunika Mpulumutsi si kotaya, ndipo kopanda cilema kulibe. Ine ndikupempha zinthu ziwiri. Inu abusa, akatekisita ndi amayi a m'magulu a mapemphero, mukatsegula cithunzi coyamba musalekere pa kufunsa kuti mwa nyama izi yako ndi iti. Funsaninso kuti nyama imeneyo inaluma ndani, ndipo wolumidwayo ali kuti lero. Mukafika pa cithunzi ca mtanda, werengani Luka 19 musanapitirire. Ndipo inu anyamata odziwa kujambula, amene mumalemba zikwangwani za magolosale ndi mabasi, tijambulireni cithunzi cimodzi coonjezera, ca kuno kwathu. Pasakhale pikoko kapena kambuku. Pakhale munthu wasenza malata pamutu, waima pa khomo la alamu ake, akuti odi.