Simoni ndi Maliya Pabwalo: Luso la Gule Wamkulu Pakati pa Mpingo ndi Boma

Gule wamkulu, amene amavinidwa ndi Achewa a m'chigawo chapakati cha Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kawirikawiri amakambidwa ngati nkhani ya chipembedzo kapena ya chikhalidwe, ndipo pa mkangano wa omuikira kumbuyo ndi omudzudzula luso lake limaiwalika. Komatu mphamvu imene gule wakhala nayo pa moyo wa anthu, kuyambira pamene amishoni anafika kufikira pa misonkhano ya ndale ya masiku ano, yagona pa luso lomwelo, limene ndi kutenga munthu kapena chinthu chimene chasautsa mudzi, kuchipatsa nkhope, mayendedwe ndi nyimbo, kenaka n'kuchiimika pakati pa bwalo kuti aliyense achione bwinobwino ndi kuchiweruza. Zakudambwe, kumene ndi kumalo obisika kochokera zilombo, n'za eni ake amene anagula njira, kutanthauza amene analowa mwambowu. Zimene zikupendedwa pano n'za pabwalo, zimene mwana, mlendo ngakhale mkulu wa mpingo angathe kuona ndi maso ake.

Tanthauzo la chilombo silikhala pa nkhope yokha, ngakhale kuti nkhopeyo ndiyo imayamba kukopa maso. Pali nkhope zosemedwa pa mtengo wopepuka n'kupakidwa utoto, pali za nthenga, khonje, chikopa ndi nsanza, ndipo pali zilombo zikuluzikulu zolukidwa ndi nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, monga Kasiyamaliro, chilombo chooneka ngati nyama yanyanga chimene chimaperekeza mzimu wa womwalira ndipo mwa mwambo chimatenthedwa ntchito yake ikatha. Koma nkhope imayamba kulankhula pokhapokha ng'oma zikalira. Mpanje ndi gunda zimagwira mayendedwe osasintha, pamene mbalule, ng'oma yotsogolera, imatsata mapazi a chilombo, kotero kuti woimba mbalule waluso sachotsa maso ake pa miyendo ya gule: phazi likapalasa fumbi iye amayankha, chilombo chikaima mwadzidzidzi iyenso amadula pomwepo. Pamwamba pa zonsezi pali nyimbo, imene chilombo chimayambitsa ndi mawu aang'ono okwera, amayi n'kuilandira ndi kuomba m'manja. Amayiwa sapita kudambwe, komabe chiweruzo chili m'manja mwawo, pakuti nyimbo imene iwo sanaivomere ndi mtima wonse imafera m'malere, ndipo chilombo chimabwerera ku liunde, malo amene zilombo zimadikirira pafupi ndi bwalo, chisanafikitse uthenga wake.

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed atakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers atafika ku Mua mu 1902, anapeza gule ali kale sukulu ya anyamata, mwini wake wa maliro ndiponso chizindikiro cha ulamuliro wa mwini mzinda, amene ndi mfumu yokhala ndi chilolezo chochititsa gule ndi chinamwali. Choncho mkangano umene unabuka, umene Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden anaufotokoza m'nkhani yawo ya mu 1972, unali wolimbirana ana, maliro ndi mafumu. Mpingo unali ndi buku, sukulu ndi guwa, ndipo unkatha kukadandaula kwa bwanamkubwa. Gule anayankha ndi chida chimene anali nacho, ndipo pabwalo panatulukira zilombo zokhala ndi maina a m'Baibulo monga Simoni, Maliya ndi Yosefe.

Simoni, amene dzina lake limachokera kwa Simoni Petulo, amadziwika ndi nkhope yofiira ngati ya mzungu amene wapsa ndi dzuwa, ndipo nthawi zambiri amavala zovala zofanana ndi suti koma zansanza. Luso lake lagona pa kusagwirizana kumeneku. Kufiira kukunena za mlendo, sutiyo ikunena za udindo, koma nsanzazo zikuulula kuti ulemerero wake ndi wobwereka. Amene amaona Simoni ngati chithunzi cha mzungu yekha amaphonya theka la nkhani, chifukwa Mchewa amene anabatizidwa, n'kutenga dzina latsopano, n'kuyamba kuyenda monyang'wa pakati pa abale ake, ankathanso kudziona pa nkhope yomweyo. Mudzi unkaseka mzungu, koma unkadzudzulanso mwana wake, ndipo popeza palibe dzina la munthu limene linkatchulidwa, wodzudzulidwayo ankatha kuseka nawo limodzi n'kukaganiza bwino kunyumba.

Maliya ndiye woyenera kumuyang'anitsitsa, pakuti pa iye gule anapitirira kuseka n'kuyamba kukambirana za chikhulupiriro. Nkhope yake ndi yosalala, yowala, kawirikawiri yokhala ndi mphini m'masaya ndi ndolo m'makutu. Amavala mpango kumutu ndi chitenje, ndipo nthawi zina amanyamula kamwana. Savina mwaukali ngati zilombo zina zimene ana amazithawa. Amalowa pang'onopang'ono, mapazi ali pafupi ndi nthaka, mapewa ali zii pamene chiuno chokha chikuyenda, amagwada pamaso pa akuluakulu, ndipo amayi amamuyandikira n'kuvina naye monga mnzawo. M'madera ambiri amatuluka pamodzi ndi Chadzunda, tate wa zilombo, wa nkhope yakuda yamakwinya ndi mano oguluka, amene amalowa motsimphina ngati nkhalamba koma akayandikira Maliya amapezanso mphamvu n'kuvina mpaka fumbi kobo. Apa wosema ndi wovina ananena chinthu chachikulu popanda kulalikira. Analandira ulemu umene Akatolika amapereka kwa amayi a Yesu, pakuti kwa anthu otsata mbumba ya kuchikazi kulemekeza mayi si chinthu chachilendo, koma anakana kuti ulemuwo uchokere pa kusadziwa mwamuna. Maliya wa pabwalo ndi mkazi wapabanja, wobereka, wodziwa mwambo, wophunzitsa anamwali. Wansembe angathe kunena kuti chiphunzitso chapotozedwa, ndipo malinga ndi katekisimu akunena zoona, koma sangatsutse kuti amene anachipotoza anali atachimvetsera mwatcheru ndi kupeza malo enieni amene chikusiyana ndi moyo wa Achewa.

Nzeru yomweyi ikuoneka pa dzina limene anthu a gule ena amadzitcha, lakuti mpingo wa Aroni. Pa Eksodo 32 Aroni anaumba mwanawang'ombe wagolide ndipo anthu anavina momuzungulira, kotero kuti mlaliki wofuna kudzudzula gule sasowa pogwira m'mutu umenewu. Koma Aroni yemweyo anali mbale wake wa Mose ndiponso mkulu wa ansembe woyamba, ndiye kuti potenga dzina lake anthu a gule akunena kuti nawonso ali ndi malo m'buku limene akuweruzidwa nalo. Zimenezi zikugwirizana ndi mmene anthu ambiri amakhalira m'midzi ya ku Dedza, Lilongwe, Dowa, Mchinji ndi Kasungu, kumene m'banja limodzi mumapezeka mayi wa chigwirizano, bambo wolowa gule ndi mwana woimba kwaya. Povuta penipeni ndi pa maliro, pamene mpingo umakana kuimba ngati zilombo zafika, ndipo mkhristu wopezeka ku gule angathe kuimitsidwa pa mgonero kapena pa masakramenti. Mabanja ena amapeza njira yawoyawo, yoika maliro mwachikhristu n'kudzaitana gule pa nthawi ya chiliza. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri angaone ngati uku n'kuyenda njira ziwiri, koma kwa namfedwa amene akufuna kuti malemu alandiridwe ndi Mulungu komanso ndi makolo, palibe mbali imene angaitaye mtima wake n'kukhala m'malo.

Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, wa mu 1962 mpaka 1965, utalimbikitsa kuti uthenga wachikhristu uzike mizu m'chikhalidwe cha eni dziko, ku Mua komwe kunali mkangano uja kunakhala malo osungirako gule. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada, anayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe a KuNgoni mu 1976, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ili ndi nkhope za gule mazanamazana. Buku lake la mu 2012, lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance, lili ndi ubwino umodzi umene olemba ambiri asanabwere iye analibe: silinasiyanitse nkhope ndi nyimbo yake, ndipo linasunga zimene eni ake amanena za chilombo chilichonse. Ngati pali pofunika kusamala, ndi pa chizolowezi chomasulira chilombo chilichonse ngati phunziro la makhalidwe abwino, chifukwa pabwalo palinso mantha, zolaula ndi chipwirikiti, zimene zili mbali ya luso lake ngakhale sizikwana bwino m'chiphunzitso cha mpingo.

Ubale wa gule ndi boma wakhala wovuta kuposa ubale wake ndi mpingo. Dr Hastings Kamuzu Banda anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland komanso Mchewa wa ku Kasungu, ndipo mu 1946 iye ndi Cullen Young anatulutsa buku la Our African Way of Life, limene linafotokoza miyambo ya Achewa mwaulemu. Mu ulamuliro wake, kuyambira 1964 mpaka 1994, gule amene amishoni ankafuna kuti aletsedwe anayamba kuvinidwa pa zikondwerero za dziko lonse. Ulemuwu unali ndi mtengo wake. Deborah Kaspin, m'nkhani yake ya mu 1993, anaonetsa momwe gule analumikizidwira ndi mphamvu ya chipani cholamula, ndipo mantha amene chilombo chimadzetsa, amene pa mwambo ndi mantha a mizimu, anasanduka chida choopsezera anthu osagwirizana ndi chipani. Komabe pa nthawi yomweyo, monga momwe Boucher anasonkhanitsira, m'midzi munkatuluka zilombo zimene nyimbo zake zinkaoneka ngati zikudzudzula mfumu yankhanza kapena mkamwini wolanda mudzi wa eni ake, pamene omvetsera ankadziwa bwino amene akunenedwa.

Apa n'pothandiza kuyerekeza gule ndi kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Kalatayo inatchula mavuto a dziko poyera, inali ndi maina a oilemba, ndipo boma linadziwa wolimbana naye: linati kalatayo ndi youkira, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Chifukwa cha kulankhula mosabisa kumeneku kalatayo inatsegula njira yopita ku riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Gule sakanatha kuchita zimenezo, pakuti chilombo sichisaina dzina ndipo uthenga wake umakhala wa nkhope ziwiri. Koma kubisa komweko n'kumene kunachititsa kuti chidzudzulo chikhalebe ndi moyo m'zaka zimene kulankhula poyera kunali kuika khosi pa mpeni, ndipo kunkaphunzitsa anthu kumva mawu awiri m'nyimbo imodzi.

Bungwe la UNESCO litalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chimodzi mwa zinthu zamtengo wapatali za chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, linatchulanso zilombo zatsopano monga njinga yamoto ndi helikopita, umene ndi umboni wakuti luso lotenga chachilendo n'kuchivinitsa silinafe. Pa mwambo wa Kulamba, umene umachitikira ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia pamaso pa Kalonga Gawa Undi m'mwezi wa Ogasiti, zilombo zochokera m'maiko atatu zimaonetsa kuchuluka kwa luso limeneli. Zimene zikulifooketsa n'zapafupi. Zilombo zoyendayenda m'misewu n'kumapempha ndalama, kumenya anthu kapena kuthamangitsa ana a sukulu zikupereka umboni kwa onse amene akhala akunena kuti gule ndi uchigawenga, ndipo nkhope za labala zogula pa kaunjika zikulowa m'malo mwa nkhope zosemedwa, zimene khwinya lililonse linali ndi chifukwa chake.

Choopsa kuposa izi ndi msonkhano wa ndale, chifukwa umasintha maimidwe a gule. Bwalo ndi lozungulira, ndipo chilombo chimavinira mbali zonse, mfumu ndi mwana wamasiye akuchiona mofanana. Pa msonkhano pali nsanja, ndiye chilombo chimavina chitayang'ana kumene kwakhala olemekezeka, mbuyo itapatsidwa kwa anthu wamba. Chimapatsidwa mphindi zochepa pakati pa zolankhula, ng'oma zimamizidwa ndi zokuzira mawu, ndipo m'malo mwa amayi a m'mudzi, amene akanatha kukana kuvomera nyimbo, pamakhala amayi ovala nsalu ya chipani amene ntchito yawo ndi kutamanda. Kusupa, kumene ndi kuponyera chilombo kandalama posonyeza kuti chavina bwino, kumasanduka malipiro a munthu mmodzi wokhala pa mpando waukulu. Pa malo otere Maliya angathe kuvina mokongola monga kale, koma palibe chimene akutsutsana nacho, ndipo Simoni sangaseke munthu wa suti amene wamulipirira ulendo. Mwini mzinda, amene mwambo unamupatsa mphamvu yolola kapena kukaniza gule kutuluka, ndi mfumu imenenso ikulandira mswahara kuchokera ku boma, kotero kuti lole ya chipani ikaima pakhomo pake kudzatenga zilombo, n'kovuta kuti aibweze yopanda kanthu.